Milu Iwiri ya Zovala za Enelesi

Panali munthu wina wamkazi, dzina lake Enelesi, amene anali ndi zovala zoposa masiku a chaka. Dera limene ankakhala sinditchula, chifukwa ena mwa inu muli ndi abale kumeneko.

Mwamuna wake, a Kambalame, anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu aja opita kunja. Ulendo uliwonse ankabwerako ndi kanthu: chitenje cha ku Kongo, diresi la ku Joni, nsalu ya ku Tanzania yonyezimira ngati mamba a nsomba. Ena ankati ndi chikondi. Ena ankati mwamuna wobwera ndi mphatso ulendo uliwonse ndiye kuti pali chimene akupepesa. Za m'njira ife sitinazione, tingokamba za m'nyumba.

Zovala zonsezo zinkalowa m'wadiropu ya zitseko zitatu, ya mtengo wa mbawa, yokhala ndi galasi lalitali pakati. Tsiku limene wadiropuyo inkalowa m'nyumba anachita kuzula felemu la chitseko, anthu a mzere wonse ataima panja kuonerera. Kiyi wake Enelesi ankamumangirira kunsonga ya chitenje, ndipo ankagona naye.

Enelesi anali ndi mng'ono wake, bere limodzi, dzina lake Zelipa. Zelipa anali wamasiye. Mwamuna wake anamusiyira ana awiri ndi nyumba ya lendi, choncho ankagulitsa tomato ndi anyezi pakamsika ka m'mbali mwa msewu. Zovala zake zonse zinkakwana pachingwe chimodzi chomangidwa pakona ya chipinda. Koma Mulungu pogawa sapereka zonse kwa munthu mmodzi. Enelesi anamupatsa zovala, Zelipa anamupatsa thupi lovalira. Anali wowongoka ngati bango, chiuno ngati cha mavu. Mukanamuveka thumba la feteleza, anthu akanafunsa kuti telala wake ndi uti.

Enelesi naye sanali woipa ayi. Anali mayi wa thupi lake, wodzaza bwino, wooneka kuti kwawo amadya. Pokwatiwa anali wochepa ngati mng'ono wakeyo, koma ana anayi ndi mtendere wa pakhomo zinamuwonjezera. Galasi linkamuuza tsiku lililonse, iye osamva.

Nsanje inayamba ndi diresi limodzi. Linali lofiirira, la maluwa achikasu. Enelesi analivala kawiri n'kulida, chifukwa linkamuthina m'khwapa. Tsiku lina analiponyera mng'ono wake.

"Tenga, uzivala kumsika."

Zelipa sanalivale kumsika. Analichapa, kulisita ndi simbi yamakala, n'kulivala ku ukwati wa mwana wa asuweni awo. Atalowa mu holo, makosi onse anatembenuka. Amayi ena anachita kumuimitsa kuti agwireko nsaluyo ndi zala. Zonsezo Enelesi akanapirira. Koma a Kambalame, amene anakhala pambali pake penipeni, anadzuka n'kukuwa holo yonse ikumva.

"Aa, mlamu! Mkazi wanga wamng'ono! Lero ndiye mwatipha. Diresi limeneli mwaligula kuti? Bwanji osawatengako akulu anuwa, akaone kumene anzawo amagula zovala?"

Anthu anaseka. Paulamu anthu amaseka choncho, palibe mlandu. Zelipa anangogwira pakamwa n'kuyang'ana pansi. Koma diresilo anagula ndi a Kambalame omwewo, ndi manja awo, ku Joni. Atavala mkazi wawo sanalione. Analiona atavala mlamu.

Enelesi anasekako nawo, koma mano okha. Atafika kunyumba anakiya wadiropu, n'kulumbira chamumtima kuti ngakhale kansalu kopukutira thukuta sikadzatulukanso m'menemo kupita kwa Zelipa.

Lumbirolo analisunga. Zaka zinapita, zovala kulowa, osatuluka. Khirisimasi ikafika Zelipa ankalandira shuga, sopo, mafuta ophikira, koma nsalu ayi. Anthu anayamba kunong'onezana kumpope. Ankati mkulu zovala mpaka kudenga, mng'ono chitenje chimodzi chomwecho, kuchapa madzulo kuvala m'mawa. Enelesi ankazimva, ndipo zinkamuwawa, pakuti ankakonda kutchedwa mayi wopatsa, ndipo kutchalitchi ankakhala kutsogolo. Koma akangokumbukira mawu aja akuti "mwaligula kuti," dzanja linkapita lokha kunsonga ya chitenje kukaona ngati kiyi alipo.

Wadiropu inadzaza mpaka inayamba kudandaula. Hang'ala imodzi inkanyamula madiresi atatu. Zitenje zosatambasula n'komwe, mapepala a kusitolo ali chimatire, zinasanjikana mpaka kumwamba. Pansi nsapato zinasiyana maukwati, ina kuno inzake uko. Zitseko zinaleka kukumana, ankachita kuzimanga ndi mpango, ndipo kiyi uja anatsala wongonyadira. M'katimo mphemvu zinakwatirana, kubereka, mpaka kuona zidzukulu. Malaya a bambo anathamangitsidwamo, ankagona pamsomali kuseri kwa chitseko ngati alendo.

Pa phiri lonselo, zimene Enelesi ankavaladi zinali zochepa, za kutsogolo zokha: mabulauzi angapo aakulu, madiresi otakasuka, ndi diresi lina labuluu la manja aatali limene linkamukhala bwino, moti pafupifupi Lamlungu lililonse ankalowa nalo m'tchalitchi. Koma iye ankazinyoza. Ankati ndi zovala zongodikirira, thupi likangotsika abwerera ku zenizeni za m'katizo.

Kenaka mwana wawo woyamba, Sungeni, anapeza mwamuna. Ankhoswe anakumana, tsiku la chinkhoswe linaikidwa, ndipo mwambo unali woti udzachitikira pakhomo pa Enelesi pomwepo. Enelesi anauza mwamuna wake kuti paulendo umenewu abwereko ndi nsalu imene m'dera lonse munthu sanaionepo.

M'mawa wonyamuka, a Kambalame ankasakasaka lamba wawo. Anamasula mpango uja, kukoka chitseko. Chitsulo chokolekapo zovala chinathyoka, phiri lonse linawagwera, mphemvu zili balalabalala pakhosi ndi m'malaya.

"Amake Sungeni," anatero akudzisasa, "inu muli ndi sitolo m'nyumba muno. Nsalu yatsopano silowanso mpaka zitseko izi zitakumana. Chovala cha pachinkhoswe musankhe momwemu. Ndipo zimene simuvalazo mum'patseko mlamu wanga uja. Anthu akutinena."

Mawu akuti "mlamu wanga" anamulowa Enelesi ngati munga wa kuphazi. Koma ankadziwa kuti a Kambalame akanena za nsalu ataimirira, sabweza.

Chitsulo anachikonzetsa. Ndiye tsiku lina m'mawa anadzitsekera kuchipinda n'kukoka makatani. Panja sakanatulutsa zovalazo, chifukwa kwathu kuno zovala za mkazi zikaoneka zitaunjikidwa pakhonde, dzuwa lisanafike pamutu mbiri imakhala itafika kumsika kuti ukwati watha. Womuthandiza sakanaitananso, pakuti kuchipinda kwa anthu apabanja salowako mwana kapena m'bale. Anali yekha, iye ndi galasi.

Anatulutsa zonse n'kuunjika pabedi mpaka bedi linasowa. Anasesa m'wadiropumo, kupukuta ndi madzi a sopo, kupopera mankhwala, mtundu wonse wa mphemvu n'kuthera pomwepo. Anapeza zinthu zimene anaziiwala kalekale: shawelo imene anatulukira nayo Sungeni kuchipatala, chitenje cha chipani chimene chinatha, ndolo imene anachotsera wantchito pomuganizira kuba, ndi lamba uja wa a Kambalame.

Ntchito yotsala amayi nonse mumaidziwa. Umatenga chovala n'kuchiyesa. Chikakukwana, chibwerere. Chikakana, chipite kwa amene chingamukwane. Basi. Enelesi nayenso ankaidziwa. Anati apanga milu iwiri: zotsala kumutu kwa bedi, zopita kwa Zelipa kumiyendo.

Anatola diresi loyamba. Linali lobiriwira ngati tsamba la nthochi, lodulira m'chiuno, losavalidwapo chigulire. Sanalivale. Anangoliika pachifuwa n'kuima pagalasi. Koma m'galasimo sanadzione yekha. Anaona Zelipa. Anamuona akulowa pachipata atavala lobiriwiralo, khosi lili m'mwamba, makosi a anthu akutembenuka. Anamva ndi mawu omwe: "Aa, mlamu!"

"Ili ndivala ine pachinkhoswe," anatero Enelesi. Diresi linapita kumutu kwa bedi.

Anatola siketi yakuda yong'ambika pang'ono kumbuyo. M'galasi Zelipa anayenda nayo mozyolika, osafulumira. Kumutu. Anatola bulauzi yoyera ya mabatani onyezimira. Zelipa wa m'galasi anaivala, mano ndi bulauzi n'kumapikisana kuyera. Kumutu.

Kenaka dzanja linagwera pa diresi lotuwa, lotakasuka, limene ankavala popita kumaliro ndi kukazonda odwala. Analiika pachifuwa. M'galasi Zelipa anamira m'menemo ngati mwana wovala jekete la bambo ake. Enelesi anaseka yekha mpaka kukhala pansi.

"Ili ndiye lako, mwana wa amayi."

Kumiyendo.

Apo muyeso unapezeka. Funso silinalinso loti, kodi chimandikwana? Funso linali loti, kodi Zelipa chingamukhale? Chimene chingamukhale, chitsale. Chimene chingamumeze, chipite. Ntchito inayamba kuthamanga, Enelesi akuimba ndi nyimbo yomwe. Chilichonse chodulira, chothina, chonyezimira, kumutu. Chilichonse chachikulu, chotakasuka, chozimiririka mtundu chifukwa chochapachapa, kumiyendo. Sanadzifunse kuti n'chifukwa chiyani zinazo zinali zochapachapa.

Pa diresi labuluu lija anazengereza. Analinunkhiza. Linali ndi fungo la mafuta ake, ndipo m'thumba munali kapepala ka switi ya m'tchalitchi. Koma ataliika pachifuwa, Zelipa wa m'galasi anaoneka ngati neti ya udzudzu yokoleka pamtengo. Enelesi sanathe kudziletsa. Kumiyendo.

Dzuwa likupendeka anayamba kubwezera za kumutu zija. Madiresi anawakoleka limodzilimodzi, obiriwira kwa obiriwira anzake, ofiira kwa ofiira. Zitenje anazipinda bwino n'kuzisanja ngati njerwa. Nsapato zinabwererana, ziwiriziwiri. Malaya a bambo anachoka pamsomali n'kupatsidwa chitseko chawochawo. Atakankha, zitseko zonse zitatu zinakumana, kiyi n'kuzungulira ngati wapakidwa mafuta. Kukongola kwake kwa m'katimo, munthu akanalipira pakhomo kuti aone.

Mulu wa kumiyendo anaumanga m'nsalu yakale yoyala pabedi. Sanautumize mwakachetechete ayi. Anadikira nthawi imene msika umadzaza, anakweza mtolo pa kabaza, iye n'kukwera ina pambuyo. Anakautula pabenchi ya tomato, anthu onse akuona.

"Zelipa, ndakubweretsera tizovala. Usamaoneke ngati ulibe abale."

Zelipa anagwada pafumbi pomwepo n'kuwomba m'manja.

"Achemwali, zonsezi? Zikomo. Mulungu akuwonjezereni pamene mwachotsapo."

Amayi a pamsika anaimba nthungululu. Wina wogulitsa usipa anasolola diresi lotuwa lija n'kulitambasula m'mwamba.

"Iii, anthuni! Muno ndiye tilowamo atatu, ndi mwana kumsana!"

Msika wonse unafa nacho chiseko.

"Azikula nazo," anatero Enelesi, akudzikupiza ndi kampango.

Zelipa sanaseke. Anangolandira diresilo, kulisisita ndi zala, kutembenuza msoko.

"Nsalu yake ndi yolimba," anatero.

Enelesi anabwerera kunyumba mtima uli mbee. Tsiku limodzi anali atatseka pakamwa pa anthu, kumvera mwamuna wake, ndi kumuveka Zelipa matumba. Masiku otsatira anatanganidwa ndi zokonzekera, kupetetsa mpunga, kusakasaka mipando ndi tenti, ali m'chitenje ndi tisheti yapakhomo. Lamlungu la pakatipo linali la amayi, anavala yunifomu ya kumpingo. Wadiropu ankaitsegula kungoti aisirire, n'kutsekanso.

A Kambalame anafika chinkhoswe chili mawa. Atatsegula zitseko zija anaimba mluzu.

"Tsopano ndiye ndakwatira. Mlamu mwam'patsa?"

"Mtolo wathunthu. Kafunseni kumsika."

Tsiku linafika. Tenti inaima pabwalo, zokuzira mawu zinayamba kugunda, kuseri kwa nyumba miphika ikuluikulu ili pamafuwa. Zelipa anafika m'bandakucha, n'kumanga chitenje chake chakale chija kuyambira m'khwapa, kulowa mu utsi pamodzi ndi ophika. Enelesi anasamba, kudzola, kupaka paudala, kukonza tsitsi. Anadzitsekera kuchipinda n'kutsitsa diresi lobiriwira.

Analilowetsa kumutu. Linafika m'mapewa n'kuima. Anakoka, osayenda. Analivula, kuyambira kumiyendo. Linakwera mpaka m'ntchafu n'kukana. Enelesi anati mwina ndi thukuta. Anatenga siketi yakuda ija. Zipi inayenda kutalika kwa chala n'kutopa. Anatenga bulauzi yoyera. Mabatani ndi mabowo ake anangoyang'anizana ngati anthu oima kutsidya ndi kuno kwa mtsinje wodzaza. Anatenga lofiira. Anatenga lachikasu. Anatenga la ku Tanzania lonyezimira lija. Hang'ala zinayamba kutsala zokha, bedi n'kusowanso, paudala akutsika ndi thukuta mpaka m'khosi.

Zitenje zinalipo zambiri, pakuti chitenje sichisankha thupi. Koma kumtunda avala chiyani? Mabulauzi onse omukwana anali atakwera kabaza. Mayi wa mwana wachinkhoswe angatuluke pamaso pa akuchimuna ndi tisheti yolembedwa za katemera?

Panja kunamveka mahutala ndi nyimbo. Akuchimuna anali atafika. A Kambalame anagogoda.

"Amake Sungeni, alendo afika. Mukusoka kapena mukuvala?"

"Ndikubwera!"

Anasuzumira pawindo la kuseri n'kukodola mayi wina kuti amuitanire Zelipa. Posakhalitsa Zelipa anagogoda, koma anaima pakhomo.

"Lowa," anatero Enelesi.

"Kuchipinda kwa alamu?"

"Ndati lowa! Tseka chitseko."

Zelipa analowa ngati wolowa mu ofesi, manja akupukuta pachitenje. Anapeza mkulu wake ataima ndi petikoti pakati pa zovala zili mbwee.

"Thamanga kunyumba kwako," anatero Enelesi, osamuyang'ana kumaso. "Ukanditengere diresi labuluu lija. Ndingovala lero lokha, ndikubwezera."

Zelipa anayang'ana pansi. Kenaka pang'onopang'ono anamasula chitenje cha utsi chija. Labuluu linali m'kati, analivala kale. Koma silinalinso neti ya udzudzu. Telala wa pakhonde la golosale anali atalidula, kulilowetsa m'chiuno, kufupikitsa manja. Linamukhala ngati anabadwa nalo.

"Nsalu yotsala inatuluka duku ndi kasiketi ka mwana," anatero Zelipa chapansipansi.

"Nanga lotuwa?"

"Anadulanso. Linatuluka awiri."

"Mabulauzi?"

"Onse, achemwali. Zovala zanu n'zosavuta, nsalu yake ndi yambiri. Chachikulu amangodula. Chovuta ndi chaching'ono, chifukwa nsalu sikula."

Ananena mopanda chinyengo, koma ponena maso ake anagwera pabedi. Anatola siketi yakuda ija. Anaiyang'ana m'chiuno mwake, kuyang'ana mkulu wake, kuyang'ananso siketi. Anayendetsa maso pa lobiriwira, lofiira, lachikasu, mpaka m'wadiropu momwe munatsala zokoleka. Ndiye anaibweza siketiyo pabedi bwinobwino, n'kuisalaza ndi dzanja. Sanafunse kanthu. Kusafunsako kunamuwawa Enelesi kuposa kutukwanidwa.

"Amake Dolofe a nyumba yachitatuyi thupi lawo ndi lofanana ndi lanu," anatero Zelipa. "Ndidutse kuseri ndikabwereke bulauzi? Muvala ndi chitenje cha ku Kongo icho, muoneka bwino."

"Ine? Kubwereka kwa amake Dolofe? Kuti mawa kumpope adziwe kuti mkazi wa a Kambalame anavina ndi bulauzi yobwereka?" Anatola lobiriwira. "Gwira zipi."

"Achemwali, limeneli..."

"Ndati gwira zipi. Kapena ukufuna ulivale iweyo?"

Zelipa anathandiza kukoka. Analitsitsa m'mapewa ngati akusenda nthochi chobwerera. Enelesi anatulutsa mpweya wonse, kugwira chitseko cha wadiropu ndi manja awiri, Zelipa n'kuika bondo kumsana. Zipi inakwera dzino limodzilimodzi, ikulira. Mpaka inafika pamwamba.

Enelesi anatuluka. Ankayenda timapazi tating'onoting'ono, ali chilili ngati botolo. Popereka moni kwa akuchimuna sanagwade, anangopinda khosi, moti azakhali ena anagwedezana ndi zigongono kuti banjali ndi lonyada. Anakhala kumphepete kwa mpando, kupuma kwake kwa theka. Atsikana anabwera ataphimbidwa zitenje kuti akuchimuna asankhe wawo, anthu akuseka polakwitsa, iye osaseka poopa msoko. Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti. Zonse zinkayenda bwino, ndipo akanangokhala pampandopo, tsiku likanatha mwaulemu.

Koma woyendetsa mwambo anakuwa pachokuzira mawu.

"Tsopano tione mayi amene anabereka duwa limeneli! Abwere avine, abale awaperekeze!"

Nyimbo inagunda. Enelesi anadzuka n'kuyamba kuvina ndi mapewa okha, mochenjera. Abale anadzuka kudzamuperekeza, ndipo Zelipa anatulukira kuseri, chitenje cha utsi atachiponya paphewa, labuluu lili poyera. Sanachite zambiri. Anangoponda kawiri, kutembenuka kamodzi. Nthungululu zinasweka. Mafoni amene analoza kwa Enelesi anayamba kutembenuka limodzilimodzi ngati mpendadzuwa. Ndipo pakati pa anthu Enelesi anaona a Kambalame akubwera chovina, ndalama zili m'mwamba, maso awo osakhala pa chobiriwira.

Apo Enelesi anaiwala zipi. Anati aone anthu kuti chiuno si cha Zelipa yekha. Anatambasula manja, kupinda mawondo, n'kutsika pansi.

Phwaa!

Msoko unatseguka kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, zipi n'kumasuka kumsana ngati khoko la nyemba padzuwa. Petikoti inaona alendo. Nthungululu inadukira pakati.

Zelipa sanachedwe. Anasolola chitenje paphewa, kumukulunga mkulu wake kuyambira m'khwapa, kumanga mfundo, uku akuvinabe n'kumamuzungulira, kuti wopenya patali aziti ndi chikondi cha pachibale. Anamuperekeza chovina mpaka pampando. Ambiri sanaone bwino. Koma amene anaona anali amayi a kutsogolo, ndipo amenewo ndi okwana.

A Kambalame sanaone chilichonse. Iwo anafika pamene Zelipa ankatembenuka kuchoka pampando paja, n'kumuponyera ndalama pamapazi.

"Aa, mlamu! Mkazi wanga wamng'ono! Labuluu limeneli ndiye latsopanotu. Mwaligula kuti? Ndakhala ndikunena ine, muziwatengako akulu anuwa!"

"Anandipatsa ndi achemwali omwewa, alamu."

A Kambalame anatembenukira mkazi wawo, nkhope ili yodabwa zenizeni.

"Amake Sungeni? Munali nalo lotere inu?"

Diresi limenelo Enelesi anali atakhala nalo pambali pa bamboyo m'tchalitchi zaka ndi zaka. Anakhala pampandopo mpaka alendo anabalalika, atafunda chitenje chonunkha utsi ndi anyezi, chomwe chija anthu ankati n'chochapa madzulo kuvala m'mawa. M'nyumba, kuseri kwa zitseko zitatu, munali zovala zokongola kuposa za mkazi aliyense m'deralo. Zonse zinali za msinkhu wa Zelipa. Enelesi anali atasesa, kupukuta, kupinda ndi kusanja wadiropu ya mng'ono wake m'chipinda chake chomwe.

Kaya pambuyo pake anamasula kiyi n'kum'patsa mwini wake, kaya zikadali momwemo kudikira kuti thupi litsike, ine sindikudziwa. Kuchipinda kwa eni sitilowako.

Tsono inu amayi, ndi inu abambo mukuseka kumbuyoko, mukafika kunyumba katseguleni panu posungira, kaya ndi wadiropu, kaya sutikesi, kaya chingwe cha pakona. Chimene mukusungacho kachiyeseni pa inu nokha, osati pa mnzanu. Chikakukwanani, valani, muthokoze. Chikakana, mwini wake mukumudziwa kale: ndi uja amatulukira m'galasi inu mukaimapo. M'patseni chidakali chabwino. Mukapitiriza kuyesa zinthu zanu pathupi la munthu amene mumamuchitira nsanje, mudzasunga zake n'kutaya zanu, ndipo tsiku la alendo mudzatuluka mutafunda chitenje chake.